Eriyo Yoloza ku Tanzania

Chitipa,
Lachiwiri, 12 Ogasiti 1986.

Okondedwa achemwali anga a Bessie,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo. Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu anga, ndi ana onse? Nanga mwendo wa amayi? M'kalata yanu ya mu Juni munati unatupanso atapita kukapalira chinangwa. Muwauze kuti ndati khasu alisiye, ngakhale ndikudziwa kuti sandimvera.

Kuno tilipo. Mlamu wanu Jean ali bwino, ana awiri aja akungotsokomola ndi fumbi. Ino ndi miyezi ya mphepo ku Chitipa. Imawomba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, fumbi m'maso, m'mano, mumtsuko momwe. Ine zilonda zam'mimba zija zadzukanso. Ndatopa, achemwali, ndipo si kutopa koti munthu ukagona kutha ayi.

Musadabwe kuti kalatayi ilibe sitampa. Sindinafune kuti idzere ku positi, mukudziwa nokha kuti makalata a masiku ano amafika atawerengedwa kale. Ndapatsira Patricia, namwino wa kwathu uja, amene akukwera basi ya mawa kubwera ku tchuthi. Muwerenge nokha, alamu muwafotokozere pakamwa, kenako muiponye pamoto.

Pali nkhani. Koma kuti muimve bwino ndiyenera kukufotokozerani kaye ntchito yanga, imene zaka zinayi zonsezi mwakhala mukundiseka nayo kuti ndimalipidwa chifukwa choyang'ana kumwamba.

Kanyumba kathu ka zanyengo kali pachitunda, kunja kwa boma pang'ono, panjira ya ku Misuku. Panja pali mlongoti wachitsulo, ndipo pamwamba pake pali eriyo yaitali yooneka ngati makwerero ogoneka. Kumwamba kutali kumadutsa setilaiti imene imajambula mitambo. Ya m'mawa imatulukira kumpoto, n'kudutsa pamutu pathu, n'kukalowa kummwera, zonsezo m'mphindi khumi ndi zinayi basi. M'mphindi zimenezo eriyo iyenera kuilondola osaitaya, apo ayi pepala limatuluka lakuda bii. Zithunzi zimenezo n'zimene zimatithandiza kuchenjeza alimi a ku Misuku za mvula yamawawa, khofi wawo asanyowe ali pa thandala.

Eriyoyo imatembenuzidwa ndi mota. Motayo timaiwongolera tili m'nyumba, ndi kabokosi kokhala ndi timivi tiwiri ngati ta wotchi. Kamodzi kamasonyeza mbali imene eriyo yaloza, kena kamasonyeza mmene yadzukira kuyang'ana m'mwamba. Manambala amachokera ku likulu papepala, ife timangowatsatira mphindi ndi mphindi. Koma kabokosiko kalibe maso. Kamuvi kakakhala pa ziro, iko kamakhulupirira kuti eriyo yaloza kumpoto kwenikweni. Ikapotoka panjapo, iko sikadziwa, kamangonena zomwe kanazolowera.

N'chifukwa chake chaka ndi chaka, mphepo ikayamba kugwedeza mabawuti, timayenera kuzigwirizanitsa ziwirizi. Kampasi sitiikhulupirira, malata a denga ndi chitsulo cha mlongoti zimaisokoneza. Timazika kamtengo kowongoka pabwalo, n'kumaika timiyala pansonga ya mthunzi wake dzuwa likamakwera. Pomwe mthunziwo wafupikitsitsa, pamenepo ndiye pali mzere wochokera kummwera kupita kumpoto.

Tikapeza mzerewo, wina amakwera pamlongoti ndi sipanala, wina amatsala m'nyumba. Wam'nyumba amabweza mota mpaka pomwe imathera, n'kuika kamuvi pa ziro ndi kasikuluwu kakumbuyo. Wapamwamba amalozetsa eriyo motsata mzere uja, n'kumanga mabawuti. Pomaliza timaizunguza yonse mpaka ithere mbali inayo, kuti tione ngati kamuvi kakufika pa 360. Ntchito ikatha tsiku lililonse, eriyo imabwerera pa ziro, imapumula italoza kumpoto. Ndipo kumpoto kwa chitunda chathu, mukadumpha mapiri awiri ndi mtsinje wa Songwe, ndi ku Tanzania.

Mnzanga pa ntchitoyi ndi a Esau Silungwe. Munawaona chaka chatha mutabwera ku ubatizo wa mwana, aja aatali a imvi za m'mbali amene anakupatsani nthochi mkoko wonse, inu n'kumadandaula kuti mukwera nawo bwanji basi. Papepala ine ndine bwana wawo chifukwa ndili ndi satifiketi. Koma mzungu uja, a Bernard, amene anamanga zonsezi asanabwerere kwawo, ankanena poyera kuti dzanja n'la a Esau. Ine zinkandipweteka, koma zinali zoona.

Kwawo ndi ku Kameme, kufupi ndi malire. Abale awo ena ali tsidya lino, ena tsidya lija, monga zilili ndi pafupifupi aliyense wobadwira kuno. Kukagwa maliro amawoloka, akaika n'kubwerera. Ndi iwo amene anandiphunzitsa kupereka moni wa “mwawuka uli” ndi kuyankha “yewo”, kuti anthu asamandione ngati wodzikonda. Munda wa nyemba umene Jean amalima ndi wawo, anatidulira chaka chathu choyamba osatifunsa kanthu.

Mwezi wathawu, pa msonkhano wa chipani wa m'dera lathu, a tcheyamani athu, a Jackson, anandiitanira pambali anthu akubalalika. Anandigwira dzanja osalisiya, akumwetulira. Anati iwo ndi munthu wosaphunzira, ndiye ndiwathandize kumvetsa. Anati chinthu chathu chija chimazungulira tsiku lonse, palibe vuto, koma bwanji chikatopa chimagona chitaloza ku Tanzania? Anafunsa kuti kuli ndani kumeneko amene chimamukonda chotere.

Ndinayesa kufotokoza za ziro, za setilaiti, za mthunzi. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati zonsezo n'zabwino, koma iwo akudziwa kuti anthu oukira boma anathawira kumeneko, ndipo akudziwanso kuti mawu amayenda pa mawaya. Ndinati yathuyi siitumiza mawu, imangolandira. Anati kulandirako ndiye kukuwadetsa nkhawa. Anandifunsa za moyo wa ana anga, wina ndi wina, powatchula mayina, n'kundisiya dzanja.

Achemwali, sabata imeneyo sindinadye. Landirova iliyonse yodutsa kumunsi kwa chitunda ndinkaiperekeza ndi maso mpaka itazimiririka. A Esau ndinawauza pang'ono chabe. Iwo anaseka, n'kunena kuti a Jackson amawadziwa kuyambira ali mnyamata woba magwafa, ndipo kumpoto sikungasamuke chifukwa cha iwo.

Lamulungu pa 20 Julaye a Esau anapita ku maliro ku Kapoka. Ine ndinatuluka m'tchalitchi mapemphero asanathe, ndinauza Jean kuti m'mimba mwandipotokola. Ndinakwera chitunda ndekha, ndinatenga sipanala ya 17, ija alamu anandipatsa ndikunyamuka kubwera kuno, yodinda chilembo cha dzina langa, W, pachigwiriro. Ndinakwera mlongoti ndi malaya a kutchalitchi omwewo. Ndinamasula mabawuti anayi, ndinaitembenuza eriyo mpaka italoza kummwera, kuloza ku likulu, n'kumanganso mwamphamvu.

M'mutu mwanga nkhani inali yapafupi. Kamuvi kazinena ziro, eriyo izipumula italoza kummwera, a Jackson azigona tulo. Potsata setilaiti tiziwonjezera 180 pa manambala a ku likulu, basi. Ndinayang'ana chingwe chimene chimatsika kuchokera ku eriyo, ndinaona chikulendewera momasuka kuposa kale, ine n'kuti zili bwino. Sindinaganize kuti chingwecho a Bernard anachiyeza kuti chikwane kuzungulira kumodzi kokha, ndipo ine ndinali nditadya kale theka lake. Munthu wa satifiketi ameneyo.

Ndinkati ndiwauza a Esau Lolemba m'mawa. Ndikulumbira, ndinkati ndiwauza. Koma kutacha manyazi anandigwira, poti ndinadziwa mmene adzandiyang'anire. Ndinatumiza uthenga kuti ndapita ku positi kukatenga mapepala a manambala, iwo ayambe okha. Ndinadziuza kuti chithunzi chimodzi chikatayika si imfa, ndikabwera masana ndiwafotokozera tili phee.

Ku boma ndinakumana ndi a Jackson pakhonde la sitolo. Anali ataona kale. Anandiyamika pamaso pa anthu kuti ndine mwana womva, kuti tsopano chinthu chija chikuyang'ana kwa eni ake. Anandigulira Fanta. Ndinamwa, achemwali, ndipo ndisakubisireni, inandikomera. Ndinakhala pamenepo mpaka dzuwa linapendeka, kumvetsera akunditama.

Nthawi yonseyo kuchitunda zinthu zinali zitaipa. Setilaiti ya m'mawa itatulukira kumpoto, a Esau anatsata manambala monga mwa masiku onse, eriyo n'kumayang'ana kwina. Pepala linatuluka lakuda. Iwo anachita zimene munthu wodziwa ntchito amachita: anaizunguza yonse kuti aone ngati kamuvi kakufika pa 360. Isanafike n'komwe, chingwe chinakulungika pamlongoti, chinakokeka, n'kuduka.

Anatuluka panja, anayang'ana m'mwamba, anaona komwe yaloza. Anazika kamtengo, anadikira mthunzi wa masana, anaika timiyala tawo. Kenako anakwera, anamasula mabawuti, n'kuibweza kumpoto. Zonsezi dzuwa likuswa mtengo, amayi a pa mjigo akuonerera, anthu a panjira ataimika njinga.

Nditafika cha m'ma 2 koloko ndinawapeza akulemba m'buku la ntchito. Anandipatsa moni monga mwa nthawi zonse. Anati mphepo yatichita chipongwe, yatembenuza eriyo ndipo chingwe chaduka, tilembere ku likulu atitumizire china. Anandionetsa zimene analembazo kuti ndisayine. Ndinati inde, mphepo ya chaka chino yanyanya, ndipo ndinasayina.

Lachitatu m'mawa kunabwera Landirova ndi amuna awiri ovala zovala wamba. A Esau anali akusesa pabwalo. Sanawamenye, sanawakalipire. Anangowauza kuti akufunika ku boma kwa kanthawi. Iwo anatsamiritsa tsache pakhoma, anandipatsa makiyi a geti, anati ndikawauze a Nachali, akazi awo, kuti asawadikirire chakudya cha masana.

Nkhani imene ili m'tauni ndi iyi: bwana wa kummwera, munthu wokhulupirika, analozetsa eriyo ku likulu, koma wantchito wake wa abale ku Tanzania anaibweza dala, n'kudula chingwe kuti abise zimene ankalandira. Mbali yoyambayo ndi imene ikundipha. Anthu amandipatsa moni ndi manja awiri pamsika. Ena akandiona amalowa njira ina. Sindikudziwa kuti oyamba ndi achiwiriwo ondipweteka kwambiri ndi ati.

Tsiku lotsatira a Jackson anatuma anyamata awo kudzandiuza kuti ndiibwezerenso kummwera. Ndinakwera. Sipanala yanga sindinaipeze, ndinafunafuna m'bokosi, pansi pa tebulo, kunyumba, osaiona. Ndinagwiritsa ntchito ya pa ofesi, yoterereka ija. Ndinaitembenuza kachiwiri anyamatawo akundiombera m'manja kumunsi.

Lero akwanitsa masiku makumi awiri ali m'chitokosi. Akadali pano pa boma. Ndamva kuti nthawi zonse akawafunsa amayankha chimodzimodzi, kuti inali mphepo, iwo anangokonza. Ofunsawo akuti mphepo siisankha likulu. Lachinayi likubwerali kukubwera mkulu wina kuchokera kummwera kudzatseka nkhaniyi. Andikonzera kale pepala lotayipa loti ndikasayine pamaso pake, lonena kuti a Esau ankakonda kutsala okha pa makina ndipo ndinkawakayikira kuyambira kale. Ndikasayina, Lachisanu awakweza galimoto kupita kummwera. Inu mukudziwa kuti opita ulendo umenewo amabwera liti. Mwana wa a Malikebu uja, chimutengereni, chaka chino n'chachisanu ndi chimodzi.

Masiku onsewa ndakhala ndikukwera chitunda m'mawa uliwonse, kukatsekula kanyumba kopanda ntchito. Chingwe chatsopano sichinabwere. Ndimapukuta fumbi pa kabokosi, ndimakhala pampando, ndimayang'ana kamuvi kali pa ziro pamene ndikudziwa kuti panja yaloza kwina. Ndinkadziuza kuti ndili ndi ana aang'ono, kuti ndine mlendo kuno, kuti ndikalankhula tingotsekeredwa tonse awiri popanda wopindula. Zonsezo n'zoona ndithu. Koma chakudya chikukanabe kutsika.

A Nachali amadutsa kumunsi kwa chitunda tsiku ndi tsiku ndi kambale komanga pansalu, kupita kukapereka chakudya. Mtunda wake ndi wautali, ndipo ndi mayi wamkulu. Poyamba ndinkatsika kukawapatsa moni. Kenako ndinayamba kubisala kuseri kwa chitseko ndikawaona akubwera.

Dzulo sanadutse, anakwera. Anaodira pageti, ndinawalowetsa, ndinawapatsa mpando koma anakhala pansi pakhonde. Tinapatsana moni wautali wa kuno, wofunsa mpaka nkhuku. Kenako anamasula mfundo ya nsalu yawo, natulutsa sipanala yanga, naiika pasimenti pakati pathu, chilembo cha W chili pamwamba.

Anati abambo akunyumba, a Esau, awatuma. Mlonda wina wachifundo amawalola kulankhulana mphindi imodzi popereka mbale. Abambo anawauza kuti akafukule m'thumba la nyemba kunyumba, muli chitsulo cha eni, akachibweze anthu aja asanabwerenso kudzasecha. Anati a Esau anachipeza pamwamba pa mlongoti Lolemba lija, chili pa thabwa lopondapo. Anawauza kuti asachipereke kwa wina aliyense koma m'manja mwanga, chifukwa mwini wake ali ndi ana aang'ono.

Panali uthenga winanso. Anati abambo akuti ndikamadzalumikiza chingwe ndisachikoke, ndisiye mikono iwiri yolendewera, ndipo ndiizunguze pang'onopang'ono wina akuyang'ana panja.

Mwamva, achemwali? Munthuyo anadziwa kuyambira tsiku loyamba. Pamene ankandipatsa buku kuti ndisayine za mphepo, sipanala yanga inali m'thumba la buluku lake. Masiku makumi awiri akumufunsa, dzina langa lili pakamwa pake, osalitulutsa. Ndipo ali m'menemo akudera nkhawa chingwe.

A Nachali sanalire, sanatukwane. Anamanganso nsalu yawo, anaimirira pang'onopang'ono atagwira bondo. Ali pageti anatembenuka, n'kufunsa ndi Chichewa chawo chozengereza chija ngati mphepo ya kwathu kummwera imayenda ndi sipanala. Sanadikire yankho. Anati “yewo, adada”, n'kutsika ndi kambale kawo.

Ndinatseka kanyumba nthawi isanakwane, ndinapita kunyumba. Jean ndinamupeza akupeta nyemba, za m'munda wa a Esau zomwezo. Ndinakhala pamwala ndi kumuuza zonse. Anapitiriza kupeta mpaka ndinamaliza. Kenako anati girisi wa pa malaya a kutchalitchi anamuchapa ndi iye, ndipo m'mimba mopotokola simupaka munthu girisi pamapewa. Anati wakhala akudikira kuti aone ngati anakwatiwa ndi munthu woti anganene yekha. Anati akuopa, akuopa kwambiri, koma nyemba zimenezi zayamba kumuwawa pakamwa.

Lero m'mawa tinasiya ana kwa anansi, tinakwera chitunda awiri. Ndinalumikiza chingwe chakale chija, ndinachikulunga bwino ndi tepi, ndinasiya mikono iwiri monga ananenera. Ndinazika kamtengo. Timiyala ta a Esau tinali tikadali pomwepo, mphepo inali itangotikwirira ndi fumbi. Ndinaika tanga pambali pake kuti nditsimikize, ndipo mthunzi utafupika mzere wanga unagwera pa wawo ndendende.

Jean anakhala pa kabokosi, munthu amene sanakagwirepo chibadwire. Ndinamuonetsa batani lobweza ndi kasikuluwu. Ine ndinakwera. Iye ankafuula manambala pawindo, ine ndikuyankha kumwamba, mphepo ikulanda mawu theka. Tinabwereza katatu chifukwa kamuvi kankaima pa 355, osafika. Kachitatu kanafika. Chingwe chinazungulira bwinobwino osakokeka. Ndinamanga mabawuti ndi sipanala ya alamu.

Kumunsi anthu anali ataima panjira. Ndinaona mmodzi wa anyamata a a Jackson akukwera njinga mothamanga kulowera ku boma. Ndinatsika pamakwerero, ndinalowa m'kanyumba.

Setilaiti ya masana imachokera kummwera kupita kumpoto. Inatulukira nthawi yake, 2 koloko itapitirira ndi mphindi makumi atatu ndi imodzi. Ndinatsata manambala a ku likulu monga alili, osawonjezera kanthu. Kulira kwake kunamveka pa sipika, kuja kokhala ngati wotchi, ndipo pepala linayamba kutuluka mzere ndi mzere. Chithunzi choyamba m'masabata atatu. Mitambo yaunjikana kuseri kwa phiri la Mughese, mawa kapena mkuja ku Misuku kugwa mawawa. Ndatumiza uthenga kwa alangizi kuti alimi avundikire khofi.

Setilaiti italowa, eriyo inatsala italoza kumpoto, ndipo ndaisiya choncho. Ndikulemba kalatayi ndili pakhonde la kanyumbaka, dzuwa likadalipo. Mpaka pano palibe wabwera. Mwina akudikira Lachinayi, poti akudziwa kuti ndilibe kothawira.

Lachinayi ndipita ndekha, m'mawa, asanandiitane. Pepala lawo lija sindisayina. Ndinyamula chithunzi cha lerochi, buku la ntchito, ndi sipanala. Ndikamuuza mkuluyo kuti amene anayamba kumasula mabawuti ndine, chifukwa cha mantha, ndipo chingwe chinaduka chifukwa cha ine. Ndikamuuza kuti a Esau anangobweza chinthu pamalo pake, monga limanenera buku la malangizo limene a Bernard anatisiyira, ndipo akafuna abwere adzaime pabwalo masana aone yekha mthunzi.

Musaganize kuti ndalimba mtima. Sindikudziwa ngati zithandiza. Mwina awamasula ine n'kulowa. Mwina atisunga tonse awiri, ati tinapangana. Mwina angondichotsa ntchito n'kundilanda nyumba ya boma. Ndaziganizira zonsezi mpaka mutu kuuma. Chimene ndalephera n'kuganiza za Lachisanu, galimoto ikudutsa kumunsi kwa chitunda ine ndili kuseri kwa chitseko.

Tsiku londiperekeza pa depoti munandiuza kuti kumpotoko ndikaweramitse mutu, ndikagwire ntchito, pakamwa ndikatseke. Ndinamvera, achemwali, mwina koyamba m'moyo wanga. Sindikukudani nazo. Munanena pondikonda, ndipo inenso ndikanamuuza zomwezo mwana wanga. Koma musandilembere kuti ndisinthe maganizo, kalata yanu idzafika zonse zitachitika kale.

Pempho langa ndi ili. Ndikapanda kubwerera kunyumba Lachinayi, Jean akwera basi ya Loweruka ndi ana. Muwalandire. Ndikudziwa kuti nyumba yanu ndi yodzaza kale, ndipo alamu adzaopa za ntchito yawo ku esiteti akamva chifukwa chake. Ngati n'kovuta, muwakonzere kanyumba ka malemu bambo kaja, denga lake Jean angathe kufolera yekha, ndi mkazi wa manja. Wamkulu uja asasiye sukulu. Amaopa agalu, mumuuze mwana wanu asamuseke.

Njinga ndawasiyira a Nachali, mdzukulu wawo aziwakweza popita ku boma. Musadzaifunse.

Amayi muwauze zoona. Ndinaganiza zoti muwanamize kuti anditumiza ku kosi, koma mabodza anga akwana. Muwauze pang'onopang'ono, atakhala pansi, ndipo muyambire pa Lachinayi, za Fanta zibwere pambuyo.

Mundiperekere moni kwa amalume ku Luchenza, kwa azakhali, ndi kwa abusa. Muwapemphe atipempherere, koma potchula mayina ayambe ndi la a Esau Silungwe. Mulungu akusungeni inu ndi nyumba yanu yonse, akupatseni mphamvu pa katundu amene ndakusenzetsaniyu.

Alamu muwauze kuti sipanala yawo ija ndi yabwino, pa mabawuti onse aja sinaterereke ngakhale kamodzi. Ankati ndidzabwere nayo pa Khirisimasi. Andikhululukire, ndikukaisiya patebulo la anthu ena.

Ndine mlongo wanu,
Wallace